Mukapita ku Cape Maclear, kamizeni nkhope m'madzi

Anthu ambiri amene ndimacheza nawo anapondako ku Cape Maclear, koma paki ya kumeneko sanaione. Amafika pa mudzi wa Chembe Loweruka masana, n'kutsitsa mbaula ndi makuleti a zakumwa, kuwotcha nyama, kuviika miyendo m'madzi olekeza m'mawondo, kujambulitsa, Lamulungu dzuwa likapendeka n'kuuyamba wobwerera. Kupuma n'kofunika ndipo sindikuwanena. Koma chimene boma linakhazikitsira Lake Malawi National Park mu 1980, chimenenso bungwe la UNESCO linaiikira m'kaundula wa malo a mtengo wapatali pa dziko lonse mu 1984, si mchenga ayi. Ndi tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna, ndipo timeneti munthu sationa ali pa mpando. Pamafunika boti, magalasi osambirira, ndi mtima wolola kumiza nkhope m'madzi.

Ine ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina ku Lilongwe, ndimayang'aniranso kalabu ya zachilengedwe ya pasukulupo. Kunyanjako ndimapita ndi ana asukulu, nthawi zina ndi banja langa. Zimene ndalemba panozi ndi zomwe ndimauza aphunzitsi anzanga ndi makolo akandifunsa kuti ulendowu tiuyambire pati.

Pakiyi ndi yaing'ono, masikweya kilomita 94 basi. Mbali yake yaikulu ili m'boma la Mangochi, m'dera la mfumu yaikulu Nankumba, pamene mtunda unalowerera m'nyanja n'kugawa kummwera kwa nyanjayo pawiri. Mapiri a pamenepo ndi a paki, zilumba zoposa 10 ndi za paki, kuphatikizapo Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zimene zili cha ku Salima, ndiponso madzi onse a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo amenewa. M'madzi amenewo kuwedza n'koletsedwa. Inali paki yoyamba pa dziko lapansi kukhazikitsidwa n'cholinga choteteza nsomba za m'madzi opanda mchere. Midzi ya Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inalipo kale pakiyi isanabwere, choncho inasiyidwa momwemo, yozunguliridwa ndi paki koma yosakhala paki. Mukagona pa loji ya ku Chembe muli m'mudzi wa eni, mukangokwera boti kupita ku chilumba mwalowa m'paki.

Mupite liti

Ngati cholinga chanu ndi kuona nsomba, sankhani Sepitembala, Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Kumatentha kwambiri, koma nyanja imakhala bata, madzi amawala ngati ongotungidwa kumene pa mjigo, ndipo munthu umatha kukhala m'madzi nthawi yaitali osanjenjemera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera. Gombe la Chembe limatetezedwako ndi mapiri a kumbuyo kwake, koma mukangotuluka kupita ku chilumba cha Mumbo mafunde amakula, ndipo ana amatuluka m'madzi mano akugundana. Nthawi ya dzinja mapiri amabiriwira mokongola, alendo amachepa, mitengo ya zipinda imatsikako, koma mphepo ya mpoto imabwera ndi mvula mwadzidzidzi, ndipo mitsinje imatsanulira matope m'nyanja.

Pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, musapite ngati mukufuna zimene ndikunenazi. Gombe limadzaza mabasi ndi zimkuzamawu, malo ogona amatha, eni maboti amakweza mitengo n'kumadzaza anthu mopyola muyeso. Ngati tchuthi chanu chimangolola masiku amenewo, sungitsiranitu malo, ndipo ulendo wa pa boti muupange mbandakucha ena asanadzuke. Funsaninso za gombe musananyamuke, chifukwa mu 2024 madzi a nyanjayi anakwera kwambiri n'kumiza mchenga wa malo ambiri ogona alendo, ndipo zithunzi zimene zili pa Facebook zina n'zakalekale.

Njira

Kuchokera ku Lilongwe ine ndimadzera ku Dedza, n'kukhotera pa Masasa kutsika phiri la ku Golomoti. Msewuwu ndi wokhotakhota ndi wotsetsereka, woyendetsa atsike ndi giya yaing'ono m'malo mopondereza mabuleki mpaka kununkha. Pansi mukadutsa msewu wa M5 mumalunjika wa ku Monkey Bay. Njira ina ndi yodzera ku Salima, yotalikirapo koma yopanda chitsikotsiko choopsa, ndipo imakudutsitsani pafupi ndi Mua Mission pamene pali malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. A ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Njira zonsezi muziwerengere theka la tsiku. Mutatsala makilomita ochepa kufika pa Monkey Bay pali mphambano ya ku Cape Maclear, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 okwera ndi kutsika m'mapiri. Yendani pang'onopang'ono, anyani amakhala pakati pa msewu, ndipo njinga zamoto zimatulukira pa makona.

Oyenda pa basi akatsikire pa mphambanoyo kapena pa Monkey Bay penipeni, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kapena matola. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo nyamukani m'mawa kuti gawo lomalizali mulidutse kukuwala. Thanki idzazeni kumene mwapeza mafuta, musayembekeze kuti mukathira kutsogolo. Ndalama tengani zapamanja zokwanira. Ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba alipo pa Chembe, koma akhoza kukuuzani kuti lero ndalama zatha inu muli ndi mwini boti akukudikirani.

M'mbali mwa msewu womalizawu muli Mwala wa Mphini, chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yozama yodutsanadutsana, chimene boma linachiika m'gulu la zinthu zotetezedwa. Mizereyo si ya munthu, inabwera ndi kung'aluka ndi kuperepeseka kwa mwala pa zaka zambirimbiri. Imani mphindi zochepa ana atambasule miyendo.

Pa geti ndi pa gombe

Lipirani ndalama yolowera m'paki ndipo tengani risiti. Mmalawi amalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndiye chitupa cha unzika chikhale m'thumba. Ndalamayi ndi ya tsiku lililonse limene mwalowa m'paki. Padzapezeka wina wokuuzani kuti "bwana, za geti zisiyeni, tingodutsa cha uku". Mukaneni mwaulemu. Alonda a nthambi ya National Parks and Wildlife amene amazungulira zilumbazi kuthamangitsa maukonde amafunika mafuta a boti, ndipo ngati ife eni dziko tizemba kandalama kochepa kotere, sitingadzadandaule maukonde akadzafika pa miyala ya chilumba cha Thumbi. Aphunzitsi obwera ndi gulu alemberetu kalata ku ofesi ya paki. Ofesiyo ili ku Golden Sands, kumapeto kwa gombe chakumadzulo, ndipo kuli kanyumba kosungiramo zinthu zophunzitsira za nyanjayi, kabwino kuyambirako ana asanalowe m'madzi.

Mukangotsika galimoto pa Chembe anyamata adzakuzungulirani, aliyense ndi boti lake. Musakwiye nawo, ndi ntchito yawo, ndipo ambiri anabadwira pomwepo, miyala yonse amaidziwa. Koma musagwirizane ndi woyamba kukugwirani chikwama. Funsani kumene mwagonako kuti akulozereni wotsogolera alendo wodziwika, kenako mukaone botilo ndi maso anu madzulo a tsiku loti mawa mupita. Mafunso anga sasintha. Achimwene, majekete oyandamitsa alipo angati, ndipo a ana alipo? Magalasi ndi mapaipi opumira (ma snorkel) ndi angati, ndiwaone? Mtengowu ukuphatikiza mafuta, chakudya ndi geti, kapena geti ndi yapadera? Tinyamuka nthawi yanji, tibwera nthawi yanji? Mukagwirizana perekani gawo lochepa la mafuta, zotsalazo pobwera. Jekete likhale la munthu aliyense, osati atatu a boti lonse. Amene akuti "musaope, nyanja ili bwino lero" koma majekete alibe, msiyeni.

Kwa amene sadziwa kusambira

Ife a kumtunda ambiri sitidziwa kusambira, ndipo ichi ndicho chimene chimatsekereza anthu pa mchenga. Kuona mbuna sikulira kusambira. Mukavala jekete lomanga bwino mumayandama nokha, ntchito yanu ndi kugona chafufumimba pamwamba pa madzi n'kumayang'ana pansi. Wotsogolera wabwino amakukokani ndi chubu kapena chingwe.

Yesererani pa gombe madzi ali m'chiuno, tsiku lomwe mwafika. Chotsani tsitsi lonse pa chipumi, chifukwa katsitsi kamodzi kolowa m'mphepete mwa magalasi kamalowetsa madzi. Lavulirani malovu pang'ono mkati mwa galasilo, pakani ndi chala, tsukuluzani, kuti lisachite nthunzi. Lamba asathine kwambiri. Lumani pang'ono mphira wa snorkel, pumirani m'kamwa mokha, pang'onopang'ono. Mpweya woyamba ndi wachiwiri mtima umagunda ndipo thupi limakana, ambiri amadzutsa mutu msangamsanga. Musataye mtima, werengani mpweya khumi nkhope ili m'madzi, mudzaona mantha akuchoka. Madzi akalowa mu paipi, uzirani mwamphamvu kamodzi atuluke. Amayi amene ali ndi mawigi kapena maluko aatali amange bwino kapena avale kachipewa kosambirira. Valani tisheti m'madzimo, dzuwa la kunyanja limawotcha msana ndi kumbuyo kwa miyendo ngakhale khungu lathu lakudali, ndipo mumadzazindikira usiku pogona.

Mowa ndi madzi siziyenderana. Nkhani za anthu omira pa nyanja nthawi ya zikondwerero timazimva chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri ndi achinyamata amene analowa m'madzi atamwa, kapena madzulo kutada. Pa gulu la ana ine ndimawagawa awiriawiri, aliyense ayang'anire mnzake, wamkulu mmodzi atsale m'boti osalowa m'madzi, ntchito yake kuwerenga mitu.

Zimene mukaone pansipo

Malo oyambira ndi awiri. Otter Point ili kumapeto kwa gombe kupitirira Golden Sands, mumafikako wapansi, ndipo miyala yake imayambira m'madzi osaya. Chilumba cha Thumbi West ndi chimene chimaoneka moyang'anizana ndi Chembe, boti la injini limafikako m'kanthawi kochepa. Kumeneko ndiko kuli nsomba zochuluka, ndipo ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, pitani ku Thumbi.

Poyamba mumangoona mitundu: zabuluu za mizere yakuda, zachikasu, zofiirira za mathothomathotho, zonse zazing'ono zosaposa chikhatho. Anthu ambiri amakuwa, amajambula, pakatha mphindi zisanu n'kukwera m'boti kuti taona. Apo ndiye mwangoyamba kumene. Sankhani mwala umodzi, muyandame pamwamba pake osagwedeza miyendo, muyang'anitsitse.

Mudzaona kuti nsomba yowala kwambiri siichoka pa kamalo kake. Imeneyo ndi yaimuna, ikulondera kaphanga kake, ndipo iliyonse yodutsa pafupi imaithamangitsa. Zazikazi zambiri n'zosawala kwambiri ndipo zimayendayenda m'magulu. Kenako yang'anani kadyedwe. Miyalayo yakutidwa ndi ndere, ndipo mbuna zambiri zimadya ndere zomwezo, koma iliyonse ndi kamwa yakeyake. Za mtundu wa Labeotropheus zili ndi mphuno yonenepa yolendewera, kamwa ili pansi, zimapala mwala thupi lili chogona. Za Petrotilapia zili ndi milomo yotambasuka yodzaza timano, zimaima chamutu n'kumapesa nderezo. Zina zimazula ndere ndi kugwedeza mutu, zina zimatola tizilombo m'ming'alu. Ilipo ina, Genyochromis mento, imene imadya mamba ndi zipsepse za zinzake. N'chifukwa chake mitundu yambiri imatha kukhala pa mwala umodzi osalandana chakudya mpaka kutherana. Phunziro limeneli m'kalasi limanditengera sabata, koma pa Thumbi mwana amalimvetsa yekha asanatuluke m'madzi.

Chimene ndimafunitsitsa kuti aliyense aone ndi nsomba yaikazi yofungatira. Fufuzani imene khosi lake latupa, kamwa yatseka, siikudya, yabisala pafupi ndi mng'alu. Imeneyo yanyamula mazira m'kamwa. Mbuna ikaikira mazira imawatola nthawi yomweyo, ndipo yaimuna ili ndi timadontho tachikasu pa chipsepse cha kumunsi tofanana ndi mazira. Yaikazi ikamalondola timadonthoto, yaimuna imathira umuna, mazira n'kukhwimira m'kamwa momwemo. Imakhala choncho pafupifupi milungu 3, osadya kapena kungolawa pang'ono, mpaka ana atatha kusambira. Pa mitundu ina ya nsomba za m'nyanjayi, ana akatuluka n'kuona choopsa amathamangiranso m'kamwa mwa mayi wawo. Chambo chomwe timadyachi chimaswanso chimodzimodzi, ndiye mukaona zimenezi ndi maso mumamvetsa chifukwa chake khoka lokokedwa nthawi yoswana limapha mibadwo iwiri nthawi imodzi.

Pamene miyala yathera n'kuyamba mchenga, yang'anani timilu ta mchenga tokumbika pakati. Ndi zisa zimene nsomba zazimuna za mitundu ina zimamanga ndi kamwa pofuna kukopa zazikazi. Mukachita mwayi mudzaona kaligono, nsomba ya mawangamawanga imene imagona chammbali pansi osagwedera, tinsomba tikabwera kudzaona nyama yakufa iyo n'kutiwakha.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, mitundu mazanamazana, ndipo pafupifupi yonse ya m'banja la mbuna ndi chambo sipezeka kwina kulikonse. Chimodzi mwa zifukwa zake mukhoza kuchiona muli m'boti. Mbuna siikonda kuchoka pa miyala. Mchenga wautali kapena madzi akuya ndi malire amene siidutsa kawirikawiri. Choncho za pa chilumba china zimakwatirana zokhazokha kwa mibadwo yambirimbiri mpaka kusiyana mtundu ndi za pa chilumba choyandikana nacho. Mukasambira pa Thumbi m'mawa n'kupita ku Mumbo kapena ku mwala wa Zimbawe, mudzapeza zina zimene simunazione. Pa chifukwa chomwechi, kutenga nsomba pa malo ena n'kukaitaya pena ndi kuwononga. Zinachitikapo pa Thumbi West m'zaka za m'ma 1960, pamene mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pamenepo ndi ogulitsa nsomba kunja, ndipo zinaswana n'kusakanikirana ndi za pamalopo. Kunja mbuna ndi malonda, anthu a ku Ulaya ndi ku America amaziweta m'magalasi m'nyumba zawo n'kumazitchula maina a miyala ya kwathu kuno. Zimandipweteka kuti mwana wa ku Germany akhoza kuzidziwa bwino kuposa mwana wa ku Mchinji.

Otsogolera ambiri amanyenyera buledi kapena nsima m'madzi kuti nsomba ziunjikane pa alendo. Zithunzi zimakongola, koma ine ndimawapempha kuti asatero. Matumbo a mbuna ndi aatali, opangidwira ndere, ndiponso zikazolowera buledi zimasiya zonse ndafotokozazi n'kumangothamangira manja a anthu. Musaime pa miyala ya m'madzi, ndi yoterera, ndipo pamenepo ndi pa munda wa nsomba. Musatole zigoba za nkhono, chifukwa tinsomba tina timabisalamo. Mabotolo, majumbo ndi zotsala zonse zibwerere m'boti.

Pobwerera mwini boti adzaimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika pa mtengo kudzaiwakha ndi zikhadabo. Ana amasangalala kwambiri, ndipo kwa ambiri ndi koyamba kuona mbalame ya pa chizindikiro cha dziko lathu ili yamoyo, ikulira mutu itaugadamitsa. Nsomba ziwiri kapena zitatu zakwana. Pa miyala mudzaonanso mphipi zitatambasula mapiko kuti aume, ang'azi akuwothera dzuwa, ndipo odzuka m'mawa kwambiri amakumana ndi akatumbu.

Ngati masiku alipo, chilumba cha Domwe chili pafupi ndi kumapeto kwa gombe chakummawa, cholekanitsidwa ndi mtunda ndi kampata kopapatiza kotchedwa Ilala Gap. Mumbo ili patali makilomita pafupifupi 10, yopanda mudzi, madzi ake ndi oyera koposa, koma ulendo wake ndi wodula ndipo umafuna nyanja yabata. Ng'ona ndi mvuu m'nyanjayi zilimo, makamaka m'mabango ndi pamene mitsinje imathira. Musasambire malo amene eni mudzi sasambako, ndipo usiku musalowe m'madzi.

Kumtunda

Madzulo dzuwa likazizira pitani ku manda a amishonale, pafupi ndi njira ya ku Golden Sands, m'tsinde mwa phiri. Dzina la Cape Maclear linaperekedwa ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town. Mu 1875 amishonale a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika pano pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, imene anthu anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire. Anakhazikitsa Livingstonia Mission yoyamba pamalo ano chifukwa doko lake ndi labwino. Malungo anawakantha. Dr William Black anamwalira mu 1877, ena anamutsatira, ndipo mu 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, kenako mu 1894 ku Khondowe kumene ili mpaka lero. Woyamba kubatizidwa pano anali Albert Namalambe, mu 1881, ndipo ndi amene anatsala kuyang'anira ntchito azungu atachoka. A CCAP amene amaimba za Livingstonia akuyenera kuima pa manda amenewa kamodzi pa moyo wawo. Sitima ya Ilala imene timaidziwa ife, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuchokera mu 1951 ndipo doko lake ndi Monkey Bay, inatenga dzina la yoyambayo.

Kumbuyo kwa mandawo kuli kanjira kokwera phiri. Nyamukani mbandakucha ndi wotsogolera, madzi akumwa ndi nsapato zotseka, osati masilipasi. Ndi kokwera ndithu, koma pamwamba mumaona gombe lonse, Thumbi, Domwe, ndi Mumbo chapatali. M'njiramo muli milambe ikuluikulu, mbira zothawira m'miyala, apusi ndi anyani. Anyani musawapatse chakudya, akazolowera amalanda.

M'mudzi

Chembe ndi mudzi waukulu wa asodzi, ndipo gombe limene inu mukupumirapo ndi pamene amayi amatsukira mbale ndi kuchapa, abambo amasokera maukonde, usipa umayanikidwa pa thandala. Mukatuluka m'madzi kulowa m'mudzi, mangani chitenje kapena valani malaya. Perekani moni. Musajambule munthu akusamba kapena akuchapa musanapemphe, ndipo musazoloweze ana kupempha powagawira ndalama ndi maswiti. Ngati mukufuna kusiya kanthu m'mudzimo, gulani: tomato pa msika, dengu, chosema, ulendo wa pa boti kwa mnyamata wa pomwepo. Usiku nyali zimene zimandandalika pa nyanja ndi za asodzi a usipa, siginala ali pa bwato kuitana nsomba ndi kuwala, asodzi anzake, alovi, akudikira kuponya khoka la chilimira. Dzukani m'mawa mukaone akukocheza, ndi pamene mungagule usipa wauwisi pa mtengo wabwino.

Chakudya itanitsiranitu, chifukwa malo ambiri amayamba kuphika mukaoda. Kampango wowotcha ndi nsima sakhumudwitsa, ndipo otsogolera ena amaphikira pa chilumba pomwepo ngati munagwirizana. Chambo chinachepa ndipo n'chodula. Wina akakubweretserani kasawala, tiana ta chambo, musagule ngakhale atatsitsa mtengo bwanji, chimodzimodzi tinsomba togwidwa ndi neti ya udzudzu. Madzi akumwa gulani a m'botolo kapena wiritsani.

Likodzo ndi malungo

Gonani m'neti, malungo amene anapha amishonale aja sanachoke. Ngati mwamva kutentha thupi mutabwerako, kayezetseni msanga ndipo muwauze adokotala kuti munali kunyanja. Pa Chembe pali kachipatala, chachikulupo chili pa Monkey Bay.

Likodzo ku Cape Maclear lilipo, ndipo aliyense wokuuzani kuti kulibe akufuna ndalama zanu. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, timatuluka n'kulowa pa khungu la munthu amene ali m'madzimo, ndipo timabwereranso m'nyanja munthu wodwala akakodzeramo. Chiopsezo chimakula m'madzi osaya a pafupi ndi mudzi ndi m'mabango. Ku zilumba za miyala chimachepa koma sichitheratu. Akatswiri anapeza kuti kuchepa kwa nsomba zodya nkhono, chifukwa cha makoka okokedwa m'mphepete, kunathandiza kuti nkhonozo zichuluke. Izi zisakuletseni kupita, mankhwala ake alipo ndipo amagwira ntchito. Sambirani ku zilumba koposa pa gombe la mudzi, mukatuluka dzipukuteni mwamphamvu ndi thawulo, ndipo gwiritsani ntchito chimbudzi, osati nyanja. Mankhwalawo ndi praziquantel, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo amamwedwa mutadya. Kumwa tsiku lomwe mwatuluka m'madzi sikuthandiza, chifukwa sapha tizilombo tisanakhwime. Lembani tsiku pa kalendala, pakatha milungu 6 mpaka 8 mupite kuchipatala ndi onse amene munali nawo, mukanene kuti munasamba kunyanja, ngakhale palibe amene akukodza magazi. Aphunzitsi, makolo a ana muwalembere zimenezi pa kalata yomwe ija yopempha chilolezo cha ulendo.